Ndidatsala pang'ono kulitaya buku la agogo ku Domasi

Inu a pamsika, tandiuzani. Mwayala tomato wanu m'mamawa, tikiti ya khonsolo mwadula kale, nthawi yakwana 9 koloko koma palibe olo munthu mmodzi wofunsa mtengo. Kodi mumalongedza n'kubwerera kunyumba? Kapena mumakhala pansi, kumaingitsa ntchentche uku mukudikira?

Funso lomweli lidandigwira pakhosi mu July 2024. Sikudali pabenchi ya tomato ayi, koma pakhonde la agogo anga ku Domasi Mission, buku lakalekale lili m'manja, tulo tili m'maso. Bukulo lidayamba mozizira zedi, ndipo ndidayenera kusankha: ndipirire nalo kapena ndilitseke ndizikakwera minibasi.

Za msika ndikuzidziwa, musandione kulemba nyuzi. Mayi anga amagulitsa tomato ndi anyezi mu Limbe, ndipo fizi yanga ya sekondale idachokera pabenchi pomwepo. Tsono agogo ndikunenawa ndi bambo awo a mayi angawo, mphunzitsi wopuma ntchito, apo n'kuti ali ndi zaka 84. Maso awo adachita ng'ala, saonanso zilembo. Uthenga udafika kwa mayi kuti: "Mumuuze mtolankhani wathuyo abwere adzandiwerengere."

Ine ndimvekere ndi kalata ya penshoni kapena nkhani ya munda. Ndidakwera minibasi ya ku Zomba, kenako ina yolowera ku Liwonde, kudutsa pa Songani, n'kumalizira pa kabaza. Amene simudafikeko, mishoniyi ili m'chigwa pakati pa phiri la Zomba ndi la Malosa, momwe mumadutsa mtsinje wa Domasi popita kukathira m'nyanja ya Chilwa. M'mwezi wa July kumazizira koopsa. Ndidapangana ndi mtima wanga kuti ndigona masiku awiri basi, poti Lachisanu ndimayenera kupereka nkhani kwa mkonzi wina mu Blantyre. Ife olemba mwaganyu tili ngati inu nomwe: osagulitsa, osadya.

Titadya nsima, agogo adatuma mwana kukatenga kabuku m'sutikesi yawo yachitsulo. Chikuto chakumbuyo chidachoka kalekale, masamba achita chikasu, fungo lake la mphemvu lokhalokha.

"Kalata ija ndi imeneyi, agogo?"

"Kalata yanji? Ameneyu ndi Nthondo. Ndifuna ndimumvenso ndisanapite."

Achinyamata anzanga ambiri dzinali angolimva chabe. Nthondo ndi buku lomwe adalemba Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Lidapambana pampikisano wa mabuku a m'zinenero za mu Africa womwe bungwe lina la ku London linkachititsa, ndipo lidasindikizidwa mu 1933. Chaka chotsatira, mu 1934, mmishonale wa ku Livingstonia, T. Cullen Young, adalimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa. Ndi limodzi mwa mabuku oyambirira a nkhani yaitali m'chinenero chathu. Mbiri yabwino ndithu. Koma mbiri sawerenga, amawerenga masamba.

Usiku woyamba

Ndidayatsa nyali ya sola, agogo adakhala pampando wawo wa ndalema atafunda bulangete, ine n'kuyamba. Abale inu, sindidapite patali ndisadapunthwe. Buku la agogo n'lakalembedwe kakale, kopanda "h" pambuyo pa "c". Pomwe ife timalemba "chifukwa", apo palembedwa "cifukwa", monga mmene amalembera anzathu a ku Zambia mpaka lero. Ine ndi setifiketi yanga ya MSCE ndidayamba kuchita chibwibwi ngati mwana wa Sitandade 2. Agogo kuseka mpaka kutsokomola.

"Mtolankhani ameneyu? Amakulipira ndani iwe?"

Kalembedwe pambali, nkhani yakeyo sinkayenda. Ine ndidazolowera mafilimu oti mphindi yoyamba galimoto yagubuduka kale. Apa ayi. Mlembi ayamba ndi makolo, kubadwa kwa mwana, miyambo ya pamudzi, uyu adanena izi, awa adayankha izo. Mwini dzina la bukulo akadali khanda, palibe chomwe wachita. Ndidayasamula kangapo, diso limodzi papepala, lina pafoni. Patatha ngati ola ndidanama kuti nyali yatha moto.

Nditagona ndidayamba kuwerengera ngati wageni. Thiransipoti yapita. Masiku awiri apita. Nkhani ya Lachisanu sindidayambe. Phindu lake? Miyambo ya mwana wakhanda. Ndidaganiza zoti mawa ndiwerengeko pang'ono mwaulemu, kenako ndipeze mwana wasukulu wa pamudzipo azipitiriza.

Lamulo la mayi wa ku America

M'mawa mwake ndidabwera ndi mfundo yomwe ndidaitola powerengawerenga. Ku Seattle, m'dziko la America, kuli mayi wina dzina lake Nancy Pearl, yemwe adagwira ntchito ya laibulale zaka zambiri. M'buku lake la mu 2003 adapereka lamulo lomwe lidatchuka kwabasi. Akuti ngati zaka zako sizidapitirire 50, buku ulipatse masamba 50. Likapanda kukugwira mtima, lisiye, usadziimbe mlandu. Ngati wapitirira zaka 50, chotsera zaka zako pa 100, chotsalacho ndiye masamba oyenera kupirira nawo, poti nthawi yako yachepa ndipo mabuku ndi ambiri.

Ndidawafotokozera agogo bwinobwino, poganiza kuti ndapeza khomo lotulukira. Iwo adakhala chete, milomo ikuyenda, akuchita masamu.

"Ndiye kuti ine anga ndi masamba 16?"

"Eya, agogo."

"Iwe ako 50?"

"Eya."

"Chabwino. Werenga ako 50 aja. Anga 16 ndakuikira basela."

Ndidagwa nako kuseka, koma iwo adapitiriza. Adati mayiyo ngwanzeru, pakuti si buku lililonse loyenera kulimaliza, ndipo iwo omwe adasiyapo mabuku ambiri panjira. "Koma kodi mayi ameneyo ananena kuti masamba 50 aja uziwerenga uku chala chili pafoni? Dzulo ndimakumva. Pakamwa pamawerenga, mutu unali ku Limbe."

Kenako adandifunsa ngati ndili ndi K100 m'thumba. Ndidaitulutsa. Nanunso itulutseni muione, poti mumaigwira tsiku ndi tsiku pobweza chenje. Nkhope ili pamenepoyo ndi ya James Frederick Sangala.

"Ameneyo anaphunzitsapo ana kuno ku Domasi m'zaka za m'ma 1920," adatero agogo. "Ukanamuona nthawi imeneyo ndi choko m'manja, ukanati palibe nkhani apa, tseka buku. Chipani cha Nyasaland African Congress chomwe anavutikira kuchikhazikitsa chinadzabadwa mu 1944. Ufulu unadzabwera mu 1964. Tawerenga zaka zimenezo. Nanga mishoni ino? Alexander Hetherwick anaitsegula mu 1884, ndipo ntchito yoyamba inali kukhala pansi kuphunzira Chiyao, liwu limodzilimodzi, mpaka anatulutsa buku la chinenerocho mu 1889. Zoyamba mozizira n'zambiri, mwanawe. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Ndidawayankha kuti nkhono zina zimakhala zakufa kale m'chigoba, ungadekhe mpaka mawa osaona kanthu. Adavomera. "N'zoona. Ndiye nzeru yagona pa kudziwa ngati nkhonoyo ili moyo. Siya foni m'nyumba madzulo ano, tione."

Pomwe zinthu zidatembenukira

Usiku wachiwiri foni ndidaisiya pansi pa pilo. Chodabwitsa choyamba n'chakuti "c" uja adasiya kundipunthwitsa. Diso lidazolowera lokha. Chachiwiri, nditayamba kuwerenga mokweza mosathamanga, ndidamva kuti Chichewa chake n'chokoma, cha anthu okhala pabwalo, chomwe ife a m'tauni tidachisinthanitsa ndi zachingerezi zoduladula.

Ndiye mwana uja adakula. Ha! Nthondo adasanduka mbava, wosamva, wovutitsa anthu pamudzi. Apa mpomwe ndidazindikira ntchito ya masamba ozizira aja. Mlembi adayamba wandionetsa mmene anthu adavutikira kumulandira mwanayu padziko, mwambo uliwonse kuutsata kuti akhale moyo. Tsono pomwe akuyamba kuba, zimakupweteka ngati waba kwanu. Akadayamba ndi kubako, ndikadangoti ndi wakuba ngati akuba ena onse a mudepoti. Koma uyu ndidamuona ali khanda.

Atachoka kwawo kukasaka ntchito kutali, ndidakumbuka msuweni wanga yemwe adapita ku Joni mu 2019, yemwe masiku ano foni yake imangoitana. Ndidakumbukanso anyamata onyamula katundu mumsika wa Limbe, omwe aliyense ali ndi mudzi womwe adauthawa kapena udamuthawa. Buku la mu 1933 linkakamba za anthu omwe ndimakumana nawo m'mawa uliwonse.

Agogo ndiwo adayamba kusinza. Ine ndimvekere, "Timalize kachigawo aka kokha." Iwo, maso ali chitsinzire: "Nyali ija lero siikutha moto?"

Lachinayi m'mawa ndidaima pamsewu, chikwama paphewa, wakabaza akudikira. Ndikapita, nkhani ya Lachisanu ndipereka, ndalama ndilandira. Ndikatsala, ganyu ipita kwa wina. Agogo sadandiletse. Adangoti, "Pita, ukabwerenso. Tsamba ndaika khoko la chimanga." Koma munthu wa zaka 84 akati ukabwerenso, umayamba kuwerengera zina. Ndidamupatsa wakabaza ya sopo chifukwa chomutayitsa nthawi, n'kubwerera pakhonde. Ndidaimbira mkonzi uja, ndipo monga ndimayembekezera, ntchito adapatsa mnzanga. Ndalama imeneyo idapita, sindikubisirani.

Masamba adapita ndi mtedza

Usiku wachisanu tidafika pokoma penipeni. Nthondo wabwerera kwawo, nkhani ya ufumu yayandikira. Ndidatembenuza tsamba, chiganizo chidathera panjira. Kutsogolo kulibe kanthu. Ndidayang'ana bwino pamsana pa buku: timapepala tong'ambika tokhatokha. Masamba omalizira adathothola munthu.

Tidafufuza m'mawa mwake. Mdzukulu wina wa pakhomopo, yemwe amagulitsa mtedza wokazinga kumsewu, adavomera akulira kuti mapepala okulungira atamuthera ankatsegula sutikesi ya agogo. Adati ankayambira kumbuyo poganiza kuti sadziwa msanga. Ndipo zoona, eni ake saona, akadadziwa bwanji?

Ine mtima udandiwawa. Masiku asanu, ganyu yotayika, kenako mathero adapita ndi mtedza wa K100! Ndidafuna kumukalipira mwanayo koma agogo adandigwira mkono.

"Musiye. Nayenso ndi wageni. Khala pansi."

Adakonza bulangete lawo, n'kuyamba kusimba okha kuchokera pomwe pepala lidathera. Mmene mbava ija idalowera ufumu, mmene idasinthira, kulowa Chikhristu, mpaka imfa yake. Adasimba mosadodoma, ana a pakhomo atazungulira, wamtedza uja ali kutsogolo kukamwa kuli yasa. Ndidawafunsa kuti nanga ngati nkhani yonse ili m'mutu, adandiitaniranji?

"Kumapeto ndikukudziwa. Koyambirira n'komwe kunayamba kundithawa. Komanso ndimafuna mmodzi wa inu alidziwe."

Buku lomwe ndidalitaya

Musaganize kuti ndikuti buku lililonse muzilikakamira. Chaka chomwecho ndidagula lina kwa venda wa mabuku mumsewu mu Blantyre, la Chingerezi, chikuto chonyezimira, lolonjeza kuti munthu ulemera m'masiku owerengeka. Limenelo lidayamba motentha! Tsamba loyamba galimoto, lachiwiri nyumba yosanja. Pofika tsamba 40 ndidaona kuti mlembi akungobwereza mawu omwewo, kusintha malaya okha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndidapitirizabe kwa masiku angapo chifukwa choumira K6,000 yanga. Mayi ndiwo adandimasula. Adati, "Iwe, ndikaoda dengu la tomato n'kupeza pansi ngoola, ndimakhala naye sabata yonse chifukwa ndinalipira? Ndalama inapita kale. Ukamusunga aoletsa ndi wabwino yemwe, ndipo benchi ikhala yodzadza ndi zosagulika." Ndidalitseka tsiku lomwelo, ndipo sindidandaula.

Ndiye onani. Lozizira lija lidali ndi kanthu, lotentha lija lidali gwangwa. Liwiro la koyambirira silikuuza za katundu ali m'thumba. Wageni weniweni amasiyanitsa m'mawa wozizira ndi malo oipa. M'mawa wozizira umadikira, poti ukudziwa kuti anthu akaweruka kuntchito adutsa pompano. Malo oipa, kuseri kwa chimbudzi komwe sikudutsa munthu, olo udikire mpaka Khirisimasi, umasamuka basi.

Mungadziwe bwanji?

Kuchokera pakhonde la ku Domasi ndidatengako mafunso omwe ndimadzifunsa buku likayamba kundilemera.

Loyamba: wozizira ndani, bukuli kapena ine? Munthu wadzuka 4 koloko kukapikula katundu, tsiku lonse padzuwa, usiku atsegula buku foni ili pambali, ndiye aziti bukuli n'logonetsa. Liyeseni kaye tsiku lomwe mutu uli pamalo, olo Lamulungu masana kapena nthawi ija makasitomala amazilala. Ngati chinenero chake n'chachilendo kapena chakale, werengani mokweza masamba angapo. Khutu limathandiza diso.

Lachiwiri: kodi muli munthu m'bukumo yemwe ndikufuna kudziwa kuti zimuthera bwanji? Sikuti achite kukhala wabwino ayi. Nthondo adali wakuba. Koma mukapeza kuti mukuyeza mpunga uku mukumuganizira, nkhonoyo ili moyo.

Lachitatu: kodi pali chomwe chikusuntha? Yerekezani tsamba 10 ndi tsamba 40. Ngati mwana wakula, ngongole yakwera, anthu awiri ayamba kuyang'anizana ndi diso lofiira, ndiye kuti mlembi akuyala katundu, msika utentha. Ngati zonse zili pomwe zidali, akungokuzungulitsani.

Lachinayi: wandipatsa bukuli ndani? Kasitomala amabwerera kwa wogulitsa yemwe sadamunamizepo. Ngati walitama ndi munthu yemwe mumadziwa kuti satama zachabe, muonjezereni masamba a basela. Ngati walitama ndi chikuto chokha, chenjerani.

Mabuku ambiri otchuka amayamba chonchi. Amene mudawerengako Things Fall Apart la Chinua Achebe, la mu 1958, mukumbuka kuti gawo loyamba lonse, mitu 13, likukamba za moyo wa pamudzi, zilazi, maukwati ndi milandu, amishonale asadatulukire n'komwe. Popanda zimenezo simukadamva kuwawa pomwe mudziwo ukupasuka. Nawo Uthenga Wabwino wa Mateyu umayamba ndi mndandanda wa maina, uyu adabala uyu, uyu adabala uyu. Ndani adatsekapo Baibulo chifukwa cha mutu woyamba umenewo?

Lamulo la masamba 50 lija ndimaligwiritsabe ntchito, ndipo n'labwino. Nthawi yanu ndi mpamba, musaitaye pa buku lopanda kanthu pofuna kuoneka ophunzira. Kungoti masamba 50 amenewo akhale oona, operekedwa ndi mutu wonse. Mukatero n'kulisiya, palibe mlandu. Mwina si nyengo yake, mudzalipeza chaka china likukudikirani.

Agogo akadalipo, ngakhale miyendo yayamba kukana. Buku lija adandipatsa, lili kwanga ku Bangwe ndi khoko lake la chimanga. Ndakhala ndikuyenda m'mabenchi a mabuku akale mu Limbe, Blantyre ndi Zomba kusaka lina lathunthu, kuti ndikawawerengere mathero ndi mawu a mlembi mwini wake. Mavenda a mabuku, mukaliona Nthondo mundisungire, tidzamvana mtengo.

Ndipo inu amayi ndi abambo a mtedza, zitumbuwa ndi matemba, musanang'ambe pepala lokulungira, taliyang'anani kaye mbali zonse. Wina ku Zomba adadya mtedza n'kutaya m'ngalande imfa ya Nthondo.